Gologolo ndi Gule wa Mtedza wa ku China

Padangokhala, ndipo amene ali nane ayankhe kuti tili tonse.

Kalekale, nyama zikulima pamodzi m'kalabu, panali Gologolo, mayi wa ana atatu amene anali asanatsegule n'komwe maso. Mwamuna wake anapita kukatola matowo tsiku lina, osabwerako. Ntchito ya Gologolo inali yosunga nkhokwe ya mtedza ya kalabu, ndipo malipiro ake anali malo ogona: kachipinda kouma pansi pa denga la nkhokweyo, kumene njoka sinkafika. Anali mayi wamantha. Mphepo ikawomba ankathamanga kukawerenga ana. Tsamba likagwa ankathamanganso kukawerenga. Nthawi zonse ankapezeka atatu, koma mtima wake sunkakhulupirira.

Tcheyamani wa kalabu anali Nyani, munthu wokonda kuwomberedwa m'manja ngakhale akangoyetsemula. Msilikali wake anali Njiri, amene ankagwira ntchito ziwiri zokha, kukalipa ndi kugona.

Chaka china ngumbi zitayamba kutuluka, pabwalo panatera mlendo. Anali Kabawi wa miyendo yofiira, kachikwama kali m'khosi. Mbewa zonse zinalowa m'maenje. Gologolo anatseka khomo la ana ake ndi thupi lake.

"Musathawe," anatero mlendoyo. "Ine ndimadya ngumbi zokha. Ndachokera ku China, kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo ndikufuna mtedza."

"Wochuluka bwanji?" anafunsa Nyani.

"Wonse umene muli nawo, ndi wa chaka chamawa womwe. Kwathu anthu ndi ambiri ngati ngumbizi. Mtedza amaukazinga, amauphika, amayenga mafuta, ndipo chaka chatsopano chikafika mlendo aliyense amamulandira nawo."

Nyama zinatuluka m'maenje zikululutira. Kabawi anakweza phiko.

"Mverani kaye. Mundiswere thumba limodzi, mulimange, ligone masiku asanu ndi awiri. Ndikalitsegula n'kupeza kuti lili bwino, ndidzalimanga kansalu kofiira aka." Anatulutsa tinsalu m'chikwama, kenako n'kutibwezeramo. "Thumba lopanda kansalu silikwera sitima. Ulendo wa panyanja ndi mwezi wathunthu, ndipo padoko lakwathu pali agalu a boma onunkhiza katundu. Akamva chuku m'thumba limodzi, sitima yonse imabwerera, dzina la mudzi wanu n'kufufutidwa. Ndikupatsani mpata katatu. Mukalephera, ndiuluka kukagula kwina."

"Katatu n'kambiri!" anaseka Nyani. "Ife mtedza tinabadwa nawo."

M'mawa mwake Gologolo anatsegula nkhokwe, aliyense natapa mtedza wake wa m'makoko. Tsono m'mudzimo munali chizolowezi chakale. Khoko louma limapweteka zala, choncho asanayambe kuswa ankawaza madzi pamulu wa mtedza kuti makoko afewe. Komanso mtedza wonyowa umalemera pasikelo, ngakhale zimenezo palibe ankazinena mokweza.

Anawaza madzi, nakhala mozungulira, nayamba nyimbo yawo yoswera mtedza. Nyani ankatsogolera ndi mawu ake okhuthala, kutamanda madzi kuti ndi bwenzi la zala, kuti khoko lonyowa silikanira mwini wake. Ena onse ankavomera ndi timawu tiwiri tobwerezabwereza, tomveka ngati madontho ogwera m'chidebe. Gologolo yekha sankavomera. Anatola mtedza umodzi wonyowa, naugwedeza pakhutu. Unali chete. Mtedza wouma umalira m'khoko mwake, ndipo gologolo aliyense amadziwa kuti mtedza wosalira sufika mwezi wamawa.

Masiku asanu ndi awiri atakwana, Kabawi anamasula thumba. Sanachite kulowetsamo mlomo. Fungo lokha linamubweza m'mbuyo.

"Wachita chuku. Mtedza uwu unanyowa."

"Unanyowa?" Nyani anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kuima pa Gologolo. "Ndiye kuti nkhokwe ikudontha! Iwe Gologolo, tinakupatsa nyumba yaulere kuti uzingoyamwitsa?"

"Nkhokwe ikudontha!" anabwereza Njiri, amene anali atangodzuka.

Gologolo anadikira. Anthu atabalalika anapita kunyumba kwa Nyani, nagwada chapatali.

"A Tcheyamani, ndili ndi kamawu kakang'ono. Denga silikudontha. Ana anga amagona pansi pake, likanadontha ndikanayamba kudziwa ndine. Ndikuganiza kuti ndi madzi aja timawaza poswa."

"Madzi ati? Amene ankawaza agogo anga?"

"Omwewo, bambo. Kungoti agogo ankaswa lero n'kusinja mawa. Mtedza wawo sunkakwera sitima."

"Tamverani kamchira aka! Ukufuna zala za tcheyamani zichite matuza? Ndikagwirana chanza bwanji ndi alendo? Pita ukafolere denga."

Gologolo anakafolera denga losadontha, udzu pamwamba pa udzu, kuti asapezedwe chifukwa.

Linafika tsiku loswa thumba lachiwiri. Anawazanso madzi, nyimbo ija n'kuyambanso, Nyani akutamanda bwenzi la zala, gulu likudonthetsa timawu take tiwiri. Gologolo anatenga gawo lake nakakhala kuseri kwa nkhokwe, kuswa wouma. Pofika masana zala zinali zitatupa, pofika madzulo zikutuluka magazi, koma mtedza wake unali wofiirira bwino, woterera, wogogoda pa dzino.

Nyani atauona anatsinzinira Njiri.

"Uwu ndiye wa pamwamba. Thira wathu pansi, wa Gologolo uphimbe. Mlendo amaona pakamwa pa thumba basi."

"A Tcheyamani," anatero Gologolo, "nsomba ikawola imodzi..."

"Tikugulitsa nsomba ife?"

Atatha masiku asanu ndi awiri Kabawi anabwera. Anamasula thumba, nayang'ana pamwamba, nagwedeza mutu mokondwa. Nyani anayamba kale kutambasula dzanja. Koma Kabawi anasolola kansungwi kosongoka m'chikwama, nakabaya kumunsi kwa thumba. Mtedza umene unatsetsereka m'kansungwimo unali wobiriwira ngati ndere.

"Ndagula m'midzi yambiri," anatero Kabawi, akupukuta kansungwi. "Kulikonse pamwamba pa thumba pamakhala pokongola. Kwatsala kamodzi."

Nyani anachita manyazi, ndipo manyazi a munthu wamkulu amafuna pogwera. Anaitanitsa msonkhano pomwepo.

"Mwaona nokha. Kawiri konse mtedza wochokera m'nkhokwe ya Gologolo watichititsa manyazi. Thumba lachitatu likakanidwa, atuluke m'nkhokwemo, iye ndi ana ake omwe, tiikemo wina."

"Mvula ino, a Tcheyamani?" anafunsa Nungu, mayi wachikulire wa m'komiti. "Anawo ndi makhanda."

"Ndanena ndanena."

"Anena anena!" anakuwa Njiri.

Gologolo anakwera kuchipinda kwake. Anawerenga ana. Atatu. Anaganiza za mphako zonse zimene ankazidziwa: ina munkakhala mamba, ina inkadzaza madzi, ina inali pafupi ndi chisa cha kadzidzi. Analira pang'ono, kenako anapukuta misozi ndi mchira, natsika kukafuna Kabawi.

Anamupeza pachulu pafupi ndi bwalo akudya ngumbi. Gologolo anaima patali ndithu, diso limodzi lili pa zikhadabo zija.

"Pepani achimwene, ndikusokonezeni. Mtedza uja umanyowa poswa. Amawaza madzi. Inu mutawauza angamve."

"Ndinaganiza choncho," anatero Kabawi. "Koma mayi, ine ndine wogula. Ndikayamba kuweruza milandu ya m'mudzi mwa eni, mawa adzati mlendo watukwana tcheyamani. Mlendo ndi mame, ndikachoka mudzatsala nawo ndinu."

"Ndiye ana anga agone panja?"

"Ndipatseni thumba louma. Njira yake ndi yanu."

Gologolo anatembenuka kuti azipita, ndipo anaona kuti pabwalo nyama zonse zasiya zochita, zikuyang'ana iye ndi mlendo. Nyani anali atatalikitsa khosi. Pomwepo nzeru inamugwera. Anabwerera kwa Kabawi, nayandikira kuposa mmene mantha ake ankalolera.

"Achimwene, kodi kwanuko ngumbi mumathira mchere?"

"Ayi, timadya choncho."

"Ooo! Zoona?" Gologolo anakuwa, nagwira pakamwa, nawomba m'manja katatu ngati wauzidwa chinsinsi chachikulu. Kabawi anangomuyang'ana modabwa.

Gologolo asanayende mapazi khumi, Nyani anali atamutsekera njira.

"Amakuuza chiyani?"

"Palibe, a Tcheyamani. Za ngumbi."

"Za ngumbi n'kuwomba m'manja? Nena!"

"Ndikuopa. Ndi zinthu zoyenera akuluakulu, osati ine."

"Wamkulu ndi ndani pano?"

Gologolo anayang'ana kumanzere ndi kumanja, natsitsa mawu.

"Kwawoko sagula mtedza umene sunavinidwe. Pali gule wake. Aliyense amamanga timatumba ta mtedza wa m'makoko m'miyendo ngati maseche, n'kuvina padzuwa masiku atatu. Amene maseche ake alira kuposa onse, ndiye amamutenga kuti ndi mtsogoleri weniweni wa mudzi. Amamuveka kansalu kofiira kaja, dzina lake n'kukatchulidwa ku China."

"Bwanji sanandiuze ine?"

"Mwambo wawo salola. Mtsogoleri weniweni amayenera kudziwa yekha. Mukakamufunsa, mwalephera kale."

Nyani anakanda pachibwano.

"Ndimadziwa kale zimenezo," anatero. "Ndimafuna ndione ngati wamva bwino."

M'mawa mwake Njiri anazungulira mudzi akulengeza kuti a Tcheyamani alota gule watsopano. Aliyense anasoka timatumba, Gologolo natsegula nkhokwe. Koma chizolowezi ndi chizolowezi: atangotapa mtedza, nyama zinathamangira kuchitsime, Nyani patsogolo, kukawaza madzi monga mwa masiku onse. Gologolo anaona, koma anawasiya dala. Amene sanapite kuchitsime anali Njiri yekha, chifukwa kunali kutali ndipo iye anali ndi tulo.

Ng'oma inalira. Nyani analowa m'bwalo, nadumpha, naponda pansi mwamphamvu. Miyendo yake inangoti fwa, fwa, ngati munthu woyenda m'matope. Anadumphanso. Fwa. Kenako Njiri anadzuka pamene anagona, nadzikanda mwendo umodzi ndi unzake, ndipo bwalo lonse linamva: tseketseke, tseketseke!

"Eee, a Njiri!" anafuula Nungu. "Kodi munali katswiri chonchi?"

Njiri anali asanayamikiridwepo chibadwire. Anayamba kuzungulira bwalo mchira uli m'mwamba, maseche akulira, amayi akululutira. Gologolo anadutsa pafupi ndi Nyani ngati akupita kwina.

"Kansalu kofiira kadzawakhala bwino a Njiri," anatero motsitsa. "Ndi khungu lawo lija."

"Njiri? Dzina la Njiri likatchulidwe ku China?" Nyani anamugwira mkono. "Bwanji anga sakulira?"

"Kaya, bambo. Ine nzeru zanga n'zochepa. Mwina tifunse kuti a Njiri achita chiyani chimene ena sanachite."

Nyani anaimitsa ng'oma.

"Iwe Njiri, wathira mankhwala anji m'masechemo?"

"Palibe, bwana. Kungoti kuchitsime sindinapite. Mundikhululukire."

Nyani anawerama. Anamasula kathumba kake, natola mtedza umodzi, naugwedeza pakhutu. Anatola wa Njiri, naugwedezanso. Kenako anakwera pachitsa.

"Tamverani nonse! Ndakhala ndikuganiza mozama, ndipo ndatulukira chinthu chimene inu simukanachidziwa. Madzi amapha mawu a mtedza! Kuyambira lero, wowaza madzi pamtedza alipira mbuzi. Wonyowawu kazingani mudye lero lomwe, Gologolo atipatse wina wouma. Njiri, iwe ukakhale kuchitsime uzilondera."

"Nanga gule, bwana?"

"Kuchitsime!"

Anavina masiku atatu dzuwa lili phwee. Nyimbo inali yomwe ija yoswera mtedza, koma Gologolo anaitembenuza. Mayimbidwe anasiya akale, kuti okalamba asadandaule, koma mawu ake tsopano ankatamanda dzuwa, ndi mtedza umene umayankha ukaitanidwa. Anamupatsa Nyani kuti atsogolere, ndipo pamalo pa timawu tiwiri tija gulu linkavomera ndi mapazi, kuponda kawiri, maseche n'kumaliza okha. Pakati pa nyimbo iliyonse Gologolo ankathamanga kukayamwitsa, n'kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mtambo, n'kubwerera m'bwalo.

Tsiku lachitatu Nungu anaima pakati pa gule.

"Anzanga, maseche anga asintha mawu."

Anamasula kathumba. Makoko onse anali ataphwanyika okha ndi kuponda kuja, mtedza uli pambalambanda. Ena anamasulanso awo, n'kupeza chimodzimodzi.

"Taswa osagwira ndi zala!" anadabwa Mbawala.

"Ndimadziwa," anatero Nyani.

Amayi anabweretsa malichero napeta. Gologolo anakhala pakamwa pa thumba, kusankha umodziumodzi: wathunthu m'thumba, wosweka pambali, wofota kutali. Palibe wa pamwamba, palibe wa pansi. Analimanga yekha, naliika pathandala kuti lisakhudze dothi.

Masiku asanu ndi awiri amenewo Gologolo anaonda. Ankati akagwira chakudya, n'kukumbuka thumba, n'kupita kukalinunkhiza. Pa tsiku lachisanu ana ake anatsegula maso, ndipo chinthu choyamba chimene anaona chinali mayi wawo akuyang'ana denga.

Kabawi anabwera mudzi wonse utasonkhana. Anamasula thumba, nanunkhiza. Anabaya kansungwi pansi, pakati, m'mbali. Anatola mtedza umodzi nauluma. Unati khwa! Anatola wina. Khwa! Anatafuna nthawi yaitali.

"Uwu ukhoza kuwoloka nyanja," anatero Kabawi, natulutsa kansalu kofiira, namanga pakhosi pa thumba.

Nthungululu zinamveka mpaka kuchitsime. Gologolo anakhala pansi. Koma asanapume kawiri, anamva Nyani akukonza kukhosi.

"A Kabawi, tsopano poti zatheka, tikhoza kulankhula poyera. Gule wa kwanu uja tavina masiku atatu. Ndiuzeni, ku China amavina bwino kuposa ine?"

"Gule uti?"

"Wa mtedza! Wa maseche m'miyendo! Si mwambo wa kwanu, umene munauza Gologolo pachulu paja?"

Mitu yonse inatembenukira kwa Gologolo. Iye anaona kale m'maganizo mwake akutsika pa nkhokwe, mwana mmodzi kukamwa, awiri akulira m'mwamba, mvula ikugwa.

Kabawi anayang'ana Gologolo, nayang'ana zala zake zokhala ndi zipsera. Anayang'ana mulu wa makoko ophwanyika, ndi timatumba timene tinali tikadali m'miyendo ya Nyani. Anatolanso mtedza wina nauluma. Khwa!

"A Tcheyamani," anatero pang'onopang'ono, "dziko lakwathu ndi lalikulu kwambiri. Ine ndi mapiko angawa sindinafike midzi yonse. Sindingalumbire kuti kulibe mudzi umene umavina chotero. Chimene ndinganene n'chakuti mtedza wovinidwa chonchi ndidzagula chaka chilichonse."

"Nanga kansalu ka mtsogoleri?"

Gologolo anatseka maso. Kabawi anapisa m'chikwama.

"Tinsaluti n'ta matumba. Koma ndaona kuti katsalako kamodzi."

Nyani anakamanga m'chiuno, mfundo kumbuyo, nayamba kuzungulira bwalo kuti aliyense aone. Tsiku lomwelo kunagwa mvula yamphamvu, iye osalola kuvula, utoto n'kusungunukira pamene amakhalira. Sunachoke mpaka lero.

Nyama zitatanganidwa ndi kutapa mtedza wa matumba ena, Kabawi anayandikira Gologolo.

"Mayi, tsiku lina mukadzafuna kundiika m'nkhani zanu, muzindiuza. Ndikanatsamwa ndi mtedza."

"Pepani achimwene. Ndinalibe pogwira."

"Nanga za mchere pa ngumbi zija?"

"Yesani, zimakoma."

Nungu anabwera ndi lichero la mtedza wosweka uja, umene sukanakwera sitima, naliika patsogolo pa Gologolo.

"A komiti tagwirizana kuti uwu ndi wa wosunga nkhokwe. Ukasinje chiponde, uyamwitse bwino. Ndipo za kutuluka zija, a Tcheyamani akuti sakukumbuka kuti ananenapo."

Gologolo anakwera kuchipinda kwake lichero lili pamutu, mvula ikuyamba kuwaza. Denga lofoleredwa kawiri lija silinalole ngakhale dontho. Anawerenga ana: mmodzi, awiri, atatu. Anatsegula pakamwa kuti awerengenso monga mwa chizolowezi, koma anaona kuti palibe chifukwa. Anawafunditsa mchira wake, nagona masana dzuwa lisanapendeke, tulo toyamba chifikire mlendo uja.

N'chifukwa chake mpaka lero, gologolo akatola mtedza sathamangira kukausunga. Amayamba waugwira ndi manja awiri, n'kuutembenuza, n'kumvetsera ngati ukulira.

Yanga yathera pamenepa. Mtedza uli m'mbalemo ndi wouma, tapani.